Madontho a oyilo pa mamota a tigalimoto tampikisano: zolemba za ntchito ya ku Area 25

Julayi, sabata yachiwiri

Ndayamba zolemba izi chifukwa cha mkangano umene unabuka Loweruka lapitali pa bwalo la simenti la ntchemberembaye kuno ku Area 25, pamene timathamangitsira tigalimoto tathu toyendera rimoti. Amene timakumana kawirikawiri tilipo 7, ndipo pa nkhani ya oyilo wa mota aliyense ali ndi chiphunzitso chake. Wina amathira madontho atatu mbali iliyonse ya mota nthawi zonse asanaike kagalimoto pansi, wina sanathirepo kanthu chigulireni mota yake chaka chatha, ndipo wina ali ndi kabotolo ka madontho othira pa commutator (kamphete kamkuwa ka mkati mwa mota kolandirira magetsi) kamene mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, kamene amakasunga m'thumba la malaya ngati mankhwala a mtima. Mkanganowo unatha popanda wogonja, popeza umboni wa aliyense unali umodzi womwewo, wakuti "yangayi imathamanga."

Ndaganiza zoti nkhaniyi tiiyese mwadongosolo m'malo momangokokana pakamwa. Zimene ndikufuna kudziwa ndi zochepa: dontho la oyilo limathandiza chiyani pa mota ya maburashi (timatabwa tiwiri ta kaboni topereka magetsi ku mbali yozungulira ya mota), liyenera kugwera pati, ndipo ndi madontho angati amene amasanduka chiwonongeko m'fumbi la Lilongwe. Malangizo ambiri amene timawamva amachokera kwa anthu othamangitsira pa kapeti kapena pa phula losesedwa bwino, pamene ife bwalo lathu mphepo imalipaka katondo tsiku ndi tsiku kuyambira mwezi uno mpaka mvula itagwa.

Kagalimoto kadzakhala kamodzi kokha, Tamiya TT-02 ya mlingo wa 1/10, kamene matayala ake onse anayi amakoka. Magiya sindiwasintha: pinion (giya yaing'ono ya pa mota) ya mano 22 ndi spur (giya yaikulu yolumana nayo) ya mano 70, zimene pamodzi ndi magiya ena a mkati zimachititsa kuti mota izungulire ka 8.27 tayala likazungulira kamodzi. Chimene chandikopa pa kagalimotoka ndi chakuti pomangira mota pali zibowo zoboledwa kale molingana ndi mano a pinion, choncho ngakhale ndichotse ndi kubwezera mota kangati, magiya amalumana chimodzimodzi. Ndagula mamota atatu atsopano a saizi ya 540, otsekedwa aja amene sapangidwira kumasulidwa, ndipo ndawapaka kadontho ka penti wa m'zikhadabo kuti asasokonezeke. Yofiira izilandira madontho atatu mbali iliyonse isanathamange, osatsukidwa. Yoyera izitsukidwa kenako n'kulandira dontho limodzi mbali iliyonse. Yobiriwira izisamalidwa ngati Yoyera, koma iziwonjezeredwa dontho la pa commutator. Woyendetsa adzakhala mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3 amene dzanja lake ndi lokhazikika kuposa langa, ndipo ulendo uliwonse udzakhala wa mphindi 5 monga zimakhalira pa mipikisano yambiri ya tigalimoto tamagetsi. Mabatire ndi awiri a NiMH a 7.2V.

Julayi, sabata yachitatu

Ndisanathire kanthu ndinafuna kuti mnyamatayu aone pamene dontho limapita, choncho tinang'amba mota yakale yakufa pa tebulo la pakhonde. Mkati mwa chitini muli maginito awiri omatidwa m'mbali, pakati pali armature ya mapiko atatu okulungidwa waya wamkuwa, ndipo kumapeto kwake kuli commutator, kamphete kamkuwa kogawidwa patatu, kamene maburashi awiri amakhudza kuti magetsi alowe m'mawaya. Shafuti, imene kunenepa kwake ndi mamilimita 3.175, imagona pa mabushi awiri, ina kutsogolo kumene kuli pinion, ina kumbuyo kufupi ndi maburashi. Mu mota yonseyi malo ofuna oyilo ndi awiri okhawo. Kwina konse oyilo ndi mlendo wosaitanidwa.

Bushi ya mtundu umenewu imaoneka ngati mkuwa wamba, koma inapangidwa kuchokera ku ufa wa mkuwa wopanikizidwa ndi kutenthedwa mpaka kugwirana, moti mkati mwake muli timipata tosaoneka ndi maso timene timasunga oyilo ngati mmene siponji imasungira madzi. Luso limeneli linatulukiridwa ndi kampani ya Chrysler mu 1930, ndipo mpaka lero limapezeka m'mafani ndi m'mamota ang'onoang'ono a m'nyumba. Shafuti ikayamba kuzungulira n'kufunda, oyilo amatuluka m'timipata tija n'kupanga kakhungu kopyapyala pakati pa chitsulo ndi mkuwa, ndipo mota ikaima n'kuzizira, bushi imamumwanso. Ndi chifukwa chake mnzathu uja amene sanathirepo kanthu wakwanitsa chaka chathunthu. Sikuti chiphunzitso chake n'cholondola ayi, koma akudya nkhokwe imene anaipeza kale yodzaza, ndipo ku mota yozungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi imodzi nkhokwe yotereyi siichedwa kuoneka pansi.

Madzulo ake tinazoloweretsa maburashi a mamota onse atatu. Burashi yatsopano imakhudza commutator ndi kachigawo kochepa chabe, ndipo imafunika kuperepeseka mpaka itenge kupindika kwa kamphete kaja. Tinagwiritsa ntchito njira yakale yomiza mota m'botolo la madzi oyera n'kuiyendetsa ndi mabatire awiri a tochi, amene pamodzi amapereka 3V. Mnyamata anabwerera m'mbuyo ataona ndikumiza waya m'madzi. "Amalume, simugwidwa ndi magetsi?" Ndinamuuza kuti mphamvu ya 3V singapweteke munthu, koma asadzayerekeze kuchita zimenezi ndi batire la mpikisano kapena ndi mota yopanda maburashi. Madzi anayamba kuda pang'onopang'ono mpaka kuoneka ngati otsukira makala, ndipo titasuzumira pa kabowo ka m'mbali tinaona kuti maburashi akhala bwino. Tinawakutumula mamotawo, tinawapopera mankhwala otsukira zamagetsi kuti madzi achoke, tinawaumitsa, kenako iliyonse inalandira dontho limodzi pa bushi iliyonse. Onse atatu ayambira pamzere umodzi.

Julayi, kumapeto

Sabata ino yathera pa kusankha oyilo, ndipo apa mpamene ndaphunzira zambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Oyilo wopangidwira mabushi a tigalimoto sapezeka m'mashopu amene ndinayendamo mu Old Town, ndipo kuitanitsa kabotolo kamodzi kuchokera kunja pa nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja n'kusewera ndi thumba. Ndinatenga zimene zinali pafupi: oyilo wa makina osokera amene ndinapempha kwa telala wa pafupi ndi kwathu, oyilo wa injini ya galimoto wa 20W-50, ndi oyilo wa silikoni amene timathira m'mashokabu a tigalimoto.

Ndinapita nazo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mafani ndi magirayinda cha ku Malangalanga, munthu amene wakhala akutsegula mamota kuyambira ine ndisanaphunzire kugwira sikuludiraiva. Anaitembenuza mota m'manja, anaigwedeza shafuti ndi chala, kenako anati, "Mwana wanga, bushi imamwa, siisamba." Ndinawafunsa kuti, "Nanga madala, ikamwa n'kutsala wina pamwamba?" Anangotenga kansanza n'kupukuta m'mphepete mwa bushiyo, osayankha ndi pakamwa. Anandionetsanso kathiridwe kake. Amaviika nsonga ya singano mu oyilo, n'kuikhudzitsa pamene shafuti ikulowera mu bushi, n'kuzunguza shafuti ndi zala mpaka kadontho kaja katazimirira. Kabotolo kofinya kamatulutsa dontho lalikulu kwambiri kwa bushi yaing'ono chotere, ndipo kumbuyo kwa mota, kumene commutator ili pafupi kwambiri ndi bushi, chotsalacho chimatsata shafuti n'kukafika pamene sichikufunika.

Wa silikoni ndamuchotsa pa mndandanda osamuyesa n'komwe. Silikoni akafika pamene maburashi akuthetheka, kutentha kwa timoto tija kumamusandutsa silika, amene ali ngati mchenga wosalala, salola magetsi kudutsa ndipo amapala mkuwa. Opanga mamota ang'onoang'ono amachenjeza za zimenezi. Mafuta ophikira, amene mnzathu wina anawatchula mosaseka, amauma n'kukhala ngati ulimbo. Wa injini ndinamuyesa pa mota yakale m'mawa wozizira wa Julayi, ndipo mita inaonetsa kuti mota ikukoka magetsi ochulukirapo mpaka itafunda, kusonyeza kuti kulimba kwa oyiloyo kumaigwira. Wa makina osokera analowa mu bushi msanga ndipo mota inalira mopepuka. Vuto lake ndi lakuti sakhalitsa, koma popeza ulendo wathu ndi wa mphindi 5, ndasankha yemweyu.

Ogasiti, Loweruka loyamba

Tsiku loyamba pa bwalo. Tinasesa, tinayala mapaipi akale othiririra dimba kukhala malire a msewu, ndipo mota iliyonse inathamanga kawiri, ndikusinthasintha ndondomeko kuti pasakhale imene ikudyerera batire lotentha kumene pa chaja. Yofiira ndi Yoyera zinamaliza mofanana, moti kusiyana kwake kunali kochepa kuposa kumene mnyamata amataya akakhota mochedwa pa kona imodzi. Yobiriwira sinalandire dontho la pa commutator lero, chifukwa mwini kabotolo anapita ku maliro ku Dedza. Mnzathu wa madontho atatu anachoka akumwetulira, akunena kuti waona yekha kuti oyilo wambiri saononga kanthu. Sindinamutsutse, popeza pa tsikuli maso ake sananame.

Ogasiti, pakati

Mphepo ya Ogasiti yafika ndi akamvuluvulu ake, ndipo bwalo timalisesa m'mawa koma pofika 10 koloko limakhala litafiiranso. Loweruka lachitatu mpamene Yofiira inayamba kuulula. Nditaichotsa m'kagalimoto ndinapeza kuti kuzungulira bushi yakumbuyo kwamera kamkanda ka phala lofiirira, ndipo nditalitikita pakati pa zala linali lokhakhala ngati phala limene amakaniko amanolera mavalavu. Kufanana kumeneku si kwa maonekedwe okha. M'fumbi muli timchenga tolimba kuposa mkuwa ndi chitsulo chomwe, ndipo fumbi louma likafika pa bushi youma kunja limangodutsa, koma likapeza oyilo wotsalira limamatirira, kenako shafuti imalikokera mkati pang'onopang'ono. Mota ya mtundu umenewu ilinso ndi zibowo zopumira m'mbali, ndipo maginito ake amatola kachitsulo kalikonse kamene kali m'fumbimo.

Nditawalitsa tochi ya foni pa kabowo ndinaona chachiwiri. Commutator ya Yofiira, imene inali yowala ngati khobidi latsopano, inali yakuda, ndipo timipata tolekanitsa zigawo zake zitatu tinali todzaza. Oyilo wotsala anatsetsereka ndi shafuti, anasakanikirana ndi fumbi la kaboni lochokera ku maburashi, ndipo phala limeneli limadutsitsa magetsi. Zigawo zimene zimayenera kukhala zolekana zinayamba kubelana moto, ndipo zotsatira zake ndi kutentha kopanda liwiro. Ndili ndi kachipangizo koyezera kutentha kolozetsa, kamene kanatsala m'nyumba nthawi ya Covid-19 ndipo kali ndi batani loyezera zinthu, ndipo maulendo onse a tsikuli Yofiira inatuluka yotentha kuposa Yoyera. Pa mphindi zomaliza mnyamata anadandaula kuti kagalimoto kakuchedwa kudzuka potuluka pa kona, ndipo pomaliza inatsala pafupifupi bwalo lathunthu kumbuyo kwa chiwerengero cha Yoyera.

Yoyera nayo inali ndi fumbi, koma louma, longofuna kuuzira. Kusamala kwake kumanditengera nthawi yosakwana mphindi 10: kuchotsa pinion, kupopera mankhwala otsukira zamagetsi pa zibowo mpaka otuluka akhale oyera, kudikira kuti iume, nsonga ya singano kutsogolo, nsonga ya singano kumbuyo, kuzunguza ndi zala, kupukuta. Gawo lopukutali ndi limene anthu amalidumpha, ndipo ndayamba kukhulupirira kuti ndi limene likulekanitsa mamota awiriwa kuposa kuchuluka kwa madontho. Pali chinanso chaching'ono chimene chinandichitikira: oyilo atafika pa mbali yophwatalala ya shafuti, kasikuluwu ka pinion kanamasuka pakati pa ulendo, mota n'kumalira yokha kagalimoto kataima. Tsopano malo amenewo ndimawapukuta ndi sipiriti ndisanamange.

Mnzathu wa madontho atatu uja anati kuyesaku n'kokondera, chifukwa Yofiira siitsukidwa. Ali ndi mfundo, ndipo ndailemba. Ndinamukumbutsa chabe kuti ndikuyesa mmene iyeyo amachitira, ndipo iye satsuka.

Ogasiti, kumapeto

Palibe chimene chachitika. Magetsi anazima usiku wa Lachisanu mpaka masana a Loweruka, mabatire anali opanda moto, ndipo pamene ndimakumbukira kuti chaja yanga imathanso kugwira ntchito pa batire la galimoto la 12V, dzuwa linali litapendeka. Sabata yamawa ndidzachajiratu Lachinayi.

Seputembala, sabata yachiwiri

Kabotolo ka ku Johannesburg katsegulidwa, ndipo ndiyenera kuvomereza poyera kuti mwini wake sankanama. Madzi ake ndi opyapyala kuposa oyilo aliyense amene ndili naye. Tinalowetsa dontho limodzi ndi sirinji pa kabowo ka m'mbali, molunjika pa commutator ya Yobiriwira, ndipo titaiyendetsa pa 3V kulira kwake kunakwera pomwepo, ngakhale amene anaima patali anamva. Timoto ta pa maburashi tinachepa. Pa bwalo, mnyamata anaphonya kona yoyamba chifukwa kagalimoto kanafika msanga kuposa mmene anazolowerera, ndipo anakuwa kuti, "Amalume, mwaikamo chiyani?" Mphindi ziwiri zoyambirira Yobiriwira inali patsogolo pa chiwerengero cha Yoyera moonekeratu. Kuyambira mphindi yachitatu kusiyanako kunayamba kufota, ndipo pomaliza zinali pafupifupi limodzi, Yobiriwira itatsogola pang'ono ndi zimene inakolola poyamba.

Zimene madonthowa amachita n'zomveka. Amachepetsa kukhulana kwa burashi ndi mkuwa, amathandiza kuti burashi ikhudze bwino, koma kutentha ndi kuzungulira kumawamwaza msanga, ndipo chotsala ndi utoto wakuda umene uyenera kutsukidwa ulendo uliwonse. Tsiku lomwelo ndinayesa dala kuthamangitsa Yobiriwira kachiwiri osaitsuka, ndikungowonjezera dontho lina, ndipo inachita moipa kuposa Yoyera kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndakhala ndikulingalira za kumene madontho amenewa anachokera, chifukwa mpamene pagona yankho la ngati ali oyenera ife. Anatchuka pa nthawi imene mipikisano yamagetsi inkayendera mamota a maburashi omasulika, monga a gulu la stock la bungwe loyendetsa mipikisano ya tigalimoto la ROAR ku America, amene anali a mapindidwe 27 a waya ndi timing (mmene maburashi akhalira poyerekeza ndi maginito) ya madigiri 24. Popeza mamota onse m'gulumo anali ofanana, aliyense ankasaka kaphindu kakang'ono kulikonse kumene kangapezeke. Koma anthu amenewo ankamasula mota ikangothamanga maulendo ochepa, n'kusema commutator pa kamakina kake kuti ikhalenso yosalala, n'kuika maburashi atsopano. Dontho likafewetsa burashi n'kuidya msanga, kwa iwo inali nkhani ya timaburashi tiwiri totchipa. Ife mamota athu ndi otsekedwa, maburashi ake sasinthidwa, kamakina kosemera tilibe, ndipo mota yatsopano imadikira munthu wobwera pa basi kuchokera ku Joni. Tatengera mankhwala koma chipatala chake tinachisiya komweko.

Nditasuzumira pa kabowo pambuyo pa maulendo a Loweruka awiri, maburashi a Yobiriwira ankaoneka ofupikirapo kuposa a Yoyera. Diso pa kabowo si muyeso, choncho chigamulo ndachisungira tsiku long'amba.

Seputembala, kumapeto

Kulakwa kwa sabata ino ndi kwanga ndekha. Mankhwala otsukira zamagetsi anatha, ndipo m'malo modikira ndinatenga chitini cha mankhwala opopera omasulira mabawuti adzimbiri, n'kupopera Yoyera mkati monse. Ndinadzinamiza kuti popeza mankhwalawa amaterera, ndiye kuti ndatsuka ndi kuthira oyilo nthawi imodzi, ndipo singano sindinaigwire. Pa mphindi yachitatu mota inayamba kulira mokwiyitsa ngati mwana wa nkhumba womangidwa pa njinga. Kulira kumeneko ndi kwa shafuti imene ikunjenjemera mu bushi youma. Mankhwala aja mbali yake yaikulu ndi zosungunula, zimene zinatsuka oyilo wa m'timipata ta mkuwa kenako n'kuuluka, ndipo kamafuta kochepa kamene anasiya kanakhala pa commutator, pamene sikafunika.

Ndinaimitsa ulendowo pomwepo. Kunyumba ndinaitsuka bwinobwino ndi mankhwala oyenera amene ndinakagula Lolemba, ndinaimika shafuti choloza kumwamba, ndinaika dontho pa bushi n'kuisiya usiku wonse, m'mawa ndinaitembenuza n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo. Bushi yakutsogolo inamwa madontho atatu motsatizana isanayambe kusiya wina pamwamba, chizindikiro chakuti inali itaumiratu. Apa ndaona kuti lamulo langa la dontho limodzi lili ndi malire: limagwira pa bushi imene ili kale ndi oyilo mkati. Kulirako kwatha, koma ndikaigwedeza shafuti ndi chala ndikumva kakusewera kamene kunalibe kale. Zotsatira za Yoyera kuyambira lero ziyenera kuwerengedwa pokumbukira ngozi imeneyi.

Sabata yomweyi mota ya mnzathu wosathira kanthu uja inayamba kulira kulira komweku. Anabwera madzulo kudzabwereka singano.

Okutobala, pakati

Kutentha kwafika, masana kukupitirira madigiri 30, ndipo simenti ikuotcha ngakhale kudzera m'nsapato. Mamota onse akutuluka otentha kuposa mu Ogasiti, ndipo ndaika malire akuti mota ikafika pa madigiri 70 ipume, chifukwa kutentha kopitirira kumafooketsa maginito ndi kuononga utoto wotchinga mawaya. Oyilo wa makina osokera akuonetsa kufooka kwake m'nyengo ino. Mu Ogasiti bushi inkaonekabe yonyowa pang'ono ulendo ukatha, koma tsopano ikutuluka youma. Ndayesa kusakaniza magawo atatu a oyiloyu ndi gawo limodzi la wa injini uja ndinamukana mu Julayi, ndipo bushi ikumaliza mphindi 5 isanaume, mita osaonetsa kulemera kumene ndinakuona m'nyengo yozizira. Ndinamuweruza msanga oyilo wa injini. Mlandu wake unali wa nyengo.

Mmodzi wa ife wagula mota yopanda maburashi, yokhala ndi sensa (kachipangizo kodziwa pamene maginito afika pozungulira), ndipo anandifunsa ngati zolemba zanga zikumukhudza. Mbali yaikulu sizikumukhudza. Mu mota yotere mawaya ali m'chitini ndipo chozungulira ndi maginito, choncho mulibe commutator kapena burashi, ndipo kabotolo ka ku Johannesburg kalibe pogwera. Shafuti yake imagona pa mabeyaring'i awiri a timipira, amene amabwera ndi mafuta ake mkati, otsekeredwa ndi tizivindikiro. Amafuna kadontho ka oyilo wopyapyala mwa apo ndi apo, makamaka akayamba kumveka okhakhala pozunguza ndi zala, ndipo kumbuyo kumafunika dzanja lodekha kuti oyilo asafike pa kabolodi ka sensa. Koma nkhani ya fumbi ndi yomweyo. Titamasula mota yake pambuyo pa Loweruka awiri, beyaring'i yakutsogolo imene anaithira mowolowa manja inali itavala kale kamkanda kofiira kaja.

Okutobala, kumapeto

Chizimalupsa chagwa Lachinayi usiku, ndipo Loweruka bwalo linali loyera koyamba chiyambireni ntchitoyi. Popeza fumbi limene ndinkayesa lagona, ndaona kuti ndi nthawi yong'amba. Tinawongola timano ta chitini ta Yofiira ndi Yobiriwira n'kutulutsa zamkati pa pepala loyera, anzathu onse ataunjikana pa tebulo.

Yofiira maburashi ake anali adakali ndi moyo, koma mabushi anali atakula kamwa. Shafuti inkagogoda ikagwedezedwa, ndipo pamene imagona mu bushi panali timizere tozungulira tomveka ndi chikhadabo. Commutator inali ndi zipsera zakupsa m'mphepete mwa chigawo chilichonse. Yobiriwira inali mosemphana: mabushi olimba, shafuti yosalala, koma maburashi atadyeka kwambiri kuposa a Yofiira ngakhale kuti inayamba kulandira madontho ake mu Seputembala, ndipo pa commutator panali kanjira kokumbika pamene burashi imadutsa. Yoyera sindinaing'ambe, chifukwa ndi yokhayo imene yatsala yoti mnyamata athamangitse, ndipo poiona pa kabowo maburashi ake ndi otalika kuposa a ziwiri zinazo. Ndikudziwa kuti mamota atatu, kagalimoto kamodzi ndi woyendetsa mmodzi si umboni woti n'kupita nawo kutali, komanso Yoyera ili ndi chipsera cha kulakwa kwanga, koma zimene zinali pa pepalapo aliyense anazigwira ndi zala zake.

Tagwirizana kuti pa mipikisano yathu ya mamota otsekedwa madontho a pa commutator asagwiritsidwe ntchito, kuti amene alibe mlamu ku Joni asamayambire kumbuyo. Mwini kabotolo anavomera monyinyirika, n'kupempha kuti pa mpikisano wotsekera chaka tidzamulole kamodzi, mota ikapsa idzakhale yake. Mnzathu wa madontho atatu sananene kuti wagonja. Anangotola bushi ya Yofiira, anaiyang'ana kudzuwa nthawi yaitali, n'kufunsa kumene ndimagula mankhwala otsukira.

Chotsatira ndi nyengo yamvula, imene ili ndi funso lake: madzi a pa bwalo akalowa m'chitini, shafuti imachita dzimbiri pamene yagona mu bushi ngati mota yasungidwa yonyowa. Ndaitanitsa mamota ena awiri a 540 kudzera mwa mnzathu amene akubwera mu Novembala, ndipo imodzi izidzaumitsidwa ndi kulandira dontho lake tsiku lomwelo, inayo izidzadikira mpaka Loweruka lotsatira. Penti wa m'zikhadabo watsala wachikasu ndi wakuda.